Nkhunda ya Bambo Anga M'kamwa mwa Wina

Ndinayamba kukonda mawu ake ndisanaone nkhope yake.

Kuchokera kwathu kukafika kusitolo ya mankhwala komwe ndimagwira ntchito ndi mtunda ndithu, ndipo basi yake imaima paliponse pamene munthu wakweza chala. Pothawa mikangano ya kondakitala ndi anthu, ndinkatseka makutu ndi mahedifoni n'kumamvera podikasiti, mapulogalamu aja amene munthu amamvera pa foni nthawi imene wafuna. Imene inandikola inali ya mnyamata wina wofotokoza kapangidwe ka masewero a makhadi. Si makhadi a njuga ayi, koma aja okhala ndi zithunzi, lililonse ndi mphamvu zake, amene anthu amatolera, kusinthana ndi kupikisana nawo patebulo. "Khadi lopambana nthawi zonse," ankatero iye, "lili ngati mlendo wodya osayang'ana anzake. Mawa lake palibe amamuitananso."

Tsiku lina munthu amene anakhala pambali panga anandipempha kuti nditsegule zenera. Ndinachotsa hedifoni imodzi, ndipo mawu amene ankalankhula m'khutu la kumanja ndi omwewo amene ankandipempha kumanzere. Ndinaseka mpaka kondakitala anacheuka. Kuyambira pamenepo ndinkamutchula Mawu, iye n'kumanditchula Wapazenera.

Ndi iyeyo amene anaona mbalame zimene ndinkajambula pa timapepala ndili m'basimo. "Izitu si zithunzi chabe," anatero, "awa ndi masewero." Tinayamba kuwapanga, ine kujambula ndi kupeka malamulo, iye kuyesa ndi kundiuza pamene pakutsimphina. Kabawi amagwira mbalame iliyonse imene yakhala yokha, koma mpheta zikakhala ziwiri zimamuthamangitsa. Kadzidzi amakulola kusuzumira makhadi a mnzako. Ndiye panali khadi limodzi limene ndinkaligwira mosamala kuposa onse.

Malemu bambo anga ankaweta nkhunda kuseri kwa nyumba. Inalipo ina imene mphaka anaitafuna mwendo, ndipo bambo ankaidyetsa m'manja. Atagonekedwa m'chipatala, ankayamba kufunsa za nkhundayo asanafunse za ife. Atamwalira, inakana chakudya cha wina aliyense mpaka inawatsatira. Pa khadi, nkhunda yotsimphinayo ilibe mphamvu yomenyera, koma mbalame yoyandikana nayo singagwidwe. Kunja kwa nyumba yathu, nkhaniyi ndinauza munthu mmodzi yekha, nditatsamira phewa lake.

Kunyumba sankamufuna. Achimwene ankati makhadi ndi makhadi, kaya ajambulidwe mbalame kaya angelo, mapeto ake ndi kugulitsa nsapato. Amayi ankangoti, "Mwamuna wandevu zake kumadzitsekera m'chipinda n'kumalankhula yekha, imeneyo n'kumati ntchito?" Ndinamuikira kumbuyo mpaka ine ndi Achimwene tinkangodutsana pakhomo ngati alendi.

* * *

Lolemba lina, ndisanatuluke m'nyumba, unafika uthenga wake.

"Wapazenera, gawo la lero usamvere uli m'basi. Undidikire, timvera limodzi ukaweruka."

Ndinamwetulira. Anali atandilonjeza kale kuti tsiku lina adzalengeza masewero athu ndi kutchula dzina langa anthu onse akumva. Ndinati lafika tsikulo. Ndinavala diresi yanga yabwino ngati omverawo andiona. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Basi itangonyamuka, ndinalephera kupirira. Ndinalowetsa mahedifoni.

"Anzanga a m'mabasi ndi m'masitima," anayamba monga mwa nthawi zonse, "lero sindili ndekha. Ndili ndi munthu amene wapanga masewero okongola kuposa onse amene ndinagwirapo m'manja mwanga."

Ndinagwira pachifuwa. Kenako anaseka mkazi.

Ndinkamudziwa ndi mbiri chabe. Anali mwana wa mwini kampani yosindikiza imene Mawu ankainyengerera kuti isindikize makhadi athu. Anthu ankamutchula Dona chifukwa cha nsapato zake zazitali ndi kalankhulidwe kosathamanga.

"Tauzani omvera," anatero Mawu, "munaganiza bwanji zoti mpheta ziwiri zigonjetse kabawi?"

"Ndinkafuna kuti mwana amene alibe makhadi osowa asamaope kukhala patebulo," anayankha Dona.

Mawu anga enieni. Ndinawalankhula ine, tili pansi pa mtengo wa pamalo okwerera basi, iye akundigwirira ambulera.

Ndinkadziuza kuti andisunga kumapeto. Basi inaima, inanyamuka, inaimanso. Anakambirana za kadzidzi, za mtundu wa kumbuyo kwa makhadi, za momwe anayesera masewerowo "awiriwiri, Loweruka lililonse". Kenako Mawu anatsitsa mawu, momwe amachitira akafuna kukhudza mtima wa omvera.

"Pali khadi limodzi limene lili ndi nkhani."

"Nkhunda yotsimphina," anatero Dona, n'kupuma pang'ono. "Munthu wina amene ndinkamukonda kwambiri ankaidyetsa m'manja. Ali m'chipatala, ankayamba kufunsa za iyo..."

Sindinamve zotsatira. Ndinangoona madontho akugwera pa diresi ija. Malo anga otsikira tinawadutsa ndikuwaona.

Mayi wachikulire amene anakhala pambali panga anandigwira mkono. "Mwananga, mwalandira uthenga wa maliro?"

"Eya," ndinatero. "Achiwiri a munthu yemweyo."

* * *

Nthawi yopuma masana ndinathamangira kusaluni kwa mnzanga Wailesi. Dzinali anamupatsa ndi makasitomala ake, chifukwa nkhani imayamba kufika kwa iye isanafike kwa eni ake. Ndinamupeza akuluka mutu wa munthu, koma atangondiona anauza munthuyo kuti akawongole kaye khosi panja.

"Ndamva," anatero ndisanatsegule pakamwa. "Iwe ndi amene unandiphunzitsa kumvera zinthu zimenezi, lero zandipsetsa mtima. Khala apa."

"Mwina pali chifukwa."

"Chifukwa chilipo, chili ndi galimoto yofiira." Anandipatsa foni yake. "Tawerenga zimene akulemba omvera."

Pansi pa gawolo panali ndemanga mbwee. Wina analemba kuti nkhani ya nkhunda yamuliza ali m'sitima. Wina anati awiriwa mawu awo akugwirizana ngati anabadwira limodzi. Wina anafunsa kuti ukwati ndi liti, ndipo Mawu anamuyankha ndi kankhope koseka.

"Kankhope koseka," anatero Wailesi. "Osati 'ndili naye kale wanga'. Kankhope."

"Amayankha choncho aliyense."

"Mwali, ine ndine mnzako, sindine pilo woti uziliriramo n'kukhala chete. Mwezi wathawu ndinawaona m'galimoto yofiirayo pamphambano. Iye anali ku mpando wakutsogolo, dzanja lili kuseri kwa mutu wa mkaziyo."

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndinakuuza kuti bwenzi lako layamba kununkhira mafuta odula. Iwe unati ndi nsanje ya mbeta."

Zinali zoona, ndinatero. Ndinaweramitsa mutu. Wailesi anandipukuta kumaso ndi thaulo la makasitomala.

"Upite ukamufunse," anatero. "Koma usakalire. Ukalira amakukumbatira, ukakumbatiridwa umaiwala funso."

* * *

Situdiyo yake ndi kachipinda kuseri kwa sitolo yokonza mafoni. M'makoma anamatamo matileyi a mazira ndi zidutswa za matiresi kuti phokoso la mumsewu lisalowe. Zina mwa izo ndinamata ndine. Patebulo panali maiki awiri. Kale inkakhala imodzi.

Atandiona anaimirira msanga mpaka mpando unagwa.

"Wamvera."

"Ndamvera."

"Ndinakuuza kuti undidikire. Ndimafuna ndikufotokozere kaye, kuti ukamamva..."

"Kuti ndikamamva zisawawe? Munthu akamakubera mbuzi amayamba wakufotokozera?"

"Palibe wakubera kanthu. Khala pansi, Wapazenera."

"Ndakhala kokwanira m'basi."

Anadzikanda kumutu. Ndinaona kuti wameta mwatsopano, ndipo malaya ake sindinkawadziwa.

"Tamvera," anatero. "Bambo ake a Dona anakana. Anati sasindikiza zinthu za anthu osadziwika. Kenako mwana wawo anawakonda masewerowa, ndipo nkhani inasintha. Anati akhoza kusindikiza ngati dzina la mwana wawo likhala pa bokosi. Ndikanatani? Makhadi ako akanafera m'kabati. Ndachita izi chifukwa cha ife."

"Ife ndani? M'gawo lonse lija ndamvamo anthu awiri, ine mulibemo."

"Zikayenda, tidzakonza. Bokosi lachiwiri lidzakhala ndi dzina lako."

"Nanga bambo anga? Nawonso adzabwerera pa bokosi lachiwiri?"

Anayang'ana pansi.

"Mawu, mpheta utenge. Kabawi utenge. Koma unatenga bambo anga ali pabedi la m'chipatala n'kukawaika m'kamwa mwa munthu amene bambo ake ali moyo, akuyenda pa galimoto. Unamuphunzitsanso popumira kuti zimveke zachisoni. Ndamva. Umapuma choncho iweyo."

"Omvera amakonda nkhani. Khadi lopanda nkhani ndi pepala chabe, unanena wekha."

"Ndinanena kwa iwe."

Anayandikira kuti andigwire, ine ndinabwerera m'mbuyo mpaka msana unakhudza matileyi aja.

"Ndiye Donayo ndi ndani kwa iwe?" ndinafunsa.

"Ndi ntchito basi."

"Ntchito imene umaigwira kuseri kwa mutu pamphambano?"

Nkhope yake inasintha. "Ndi Wailesi ameneyo. Mkazi uja adzakupasulira banja usanalimange." Kenako analankhula ngati munthu amene wapeza mwala woponya. "Ndipo ngati ukufuna woimba mlandu, yambira kwanu. Ufunse achimwene ako chimene anabwerera kuno."

"Achimwene anabwera kuno?"

"Anaima pamene waimapo. Anandiuza kuti ndikadzangotchula dzina la mlongo wawo pa zinthu za njugazi, adzandithyola nsagwada kuti ndizilankhulira m'mphuno. Ndiye unkafuna nditani? Ndikutchule, andimenye? Ndisakutchule, undide? Ine ndili pakati."

Zinandilowa ngati madzi ozizira. Iye ataona kuti ndagwedezeka anafewetsa mawu, mawu aja amene ndinawakonda ndisanamuone.

"Ndiwe wanga, Wapazenera. Palibenso wina."

Ndinatsala pang'ono kulira. Ndinakumbukira malangizo a Wailesi, ndinameza.

"Undibwezere zojambula zanga."

"Zili kosindikiza."

"Zonse?"

"Zonse."

Ndinatuluka osatseka chitseko, kuti phokoso la mumsewu limulowere.

* * *

Achimwene ndinawapeza pabwalo akutsuka njinga yawo yamoto, dzuwa lisanalowe. Sindinawapatse moni.

"Munapita kusitudiyo kwake?"

Anafinya kansanza, osandiyang'ana. "Ndinapita."

"Kukamuopseza?"

"Kukamuchenjeza. Iwe umagwira ntchito kwa anthu aulemu. Unkafuna dzina lako lizimveka m'mafoni a anthu pamodzi ndi makhadi?"

"Ndiye mwapambana. Silinamveke."

Ndinawaikira gawolo pa foni, ndinadumphitsa mpaka pa nkhunda. Poyamba ankamvera monyinyirika. Dona atafika pa chipatala, dzanja lawo linaima pa thanki ya njinga. Madzi ankangodontha kuchokera ku kansanzako.

"Ameneyu ndi ndani?"

"Mwini masewero anga."

"Akunena za bambo."

"Eya."

Anaponya kansanza m'ndowa. Achimwene ndi amene anakwirira nkhunda ija kuseri kwa nyumba, ndipo sanalole kuti wina awathandize.

"Chemwali," anatero, ndipo kanali koyamba kunditchula choncho patapita nthawi, "ine ndinamuuza kuti asatchule dzina lako. Zimenezo ndivomera, ndipo ngati ndinalakwa ndinalakwa. Koma sindinamuuze kuti apereke thukuta lako kwa wina. Sindinamuuze kuti agulitse maliro athu. Asabisale kumbuyo kwanga."

"Mukanapanda kupita..."

"Ndikanapanda kupita akanapeza wina womunamizira. Munthu wokonda mkazi, mlamu wake akamuopseza, amabwera kudzauza mkaziyo. Iye anakuuza?"

Sanandiuze. Ndinaluma mlomo.

Anayamba kuvala jekete. Ndinawagwira mkono.

"Mukupita kuti?"

"Kukamuthandiza kulankhulira m'mphuno."

"Mukapita, Amayi adziwa. Chonde, Achimwene. Asamve zoti bambo akuseweretsedwa m'mafoni. Mtima wawo mukuudziwa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anavula jeketeyo.

Nthawi yomweyo Amayi anatulukira pakhomo, atanyamula makapu a tiyi. Ataona kuti dzanja langa lili pa mkono wa Achimwene, nkhope yawo inawala.

"Ee, lero kugwa mvula. Amphaka ndi agalu agwirizana?" Anaika makapu pakhonde. "Bwerani kuno nonse. Ndakhala ndikuganiza. Ine ndatopa ndi nyumba imene ana anga salankhulana chifukwa cha munthu amene sindinamuonepo. Iwe, mnyamata wako wolankhula yekhayo, umuuze abwere. Ndimuone ndi maso anga. Ngati wakupirira iwe ndi m'kamwa mwakomo, mwina ndi munthu."

Tsiku limenelo ndi pamene Amayi ananena mawu amene ndinawadikira chaka chonse. Achimwene anayang'ana kumwamba. Ine ndinati, "Chabwino, Amayi," ndipo tiyi uja ndinamwa osamva kukoma kwake.

* * *

Sabata imeneyo ndinkakwera basi makutu ali pululu. Ndinazindikira kuti kondakitala wathu amaimba nyimbo pansipansi, ndiponso kuti mpando wakumbuyo umalira ngati mwana wa mbuzi. Lachitatu, mtsikana wa sukulu amene anakhala kutsogolo kwanga ankamvetsera gawo lija ndi mnzake, hedifoni imodzi aliyense. "Akayamba kugulitsa, ine ndikufuna khadi la nkhunda," anatero. Ndinatsika n'kuyenda wapansi.

Mauthenga a Mawu ankabwera ngati mvula ya mawawa.

"Wadzuka bwanji, Wapazenera?"

"Ndakusungira malo pamtima, pazenera pomwe."

"Ukandikwiyira dziko limakhala chete."

"Yankha, ngakhale ndi chitonzo."

Ndinkawerenga, osayankha, koma sindinkafufuta. Ndisaname, ena ndinkawawerenga kawiri. Chikondi sichimva kuti sitolo yatsekedwa, chimangogogodabe.

Lachisanu ndinamulembera. "Amayi akuti ubwere akuone. Ndiwauze chiyani?"

Anayankha msanga. "Zoona? Ndibwera, koma osati sabata ino. Pali zambiri kosindikiza. Uwauze kuti ndikuwalemekeza kwambiri."

Munthu amene ankalumbira kuti tsiku limene Amayi adzamuitane adzabwera chokwawa, lero anali ndi zambiri kosindikiza. Ndinamuonetsa Wailesi uthengawo. Iye anangoti, "Hmm," ndipo Wailesi akangoti hmm, ndiye kuti nkhaniyo yamukulira.

* * *

Loweruka masana ndinali kuseri ndikuyanika zovala pamene ndinamva galimoto ikuima pageti. Nditazungulira nyumba, ndinaona kuti ndi yofiira.

Anatsika mkazi wamtali, atavala diresi yofika m'mapazi ndi nsapato zafulati, ngati munthu amene waganizira bwino za kumene akupita. M'manja ananyamula keke m'bokosi ndi envelopu yaikulu. Ataona ine anamwetulira ndi nkhope yonse.

"Odi! Ndinu inuyo, sichoncho? Wojambula mbalame?"

Mawuwo ndinawazindikira. Manja anga anali a thovu, ndinawapukutira pa siketi.

"Ndine. Mukufuna chiyani kuno?"

"Pepani pobwera osakuuzani. Iye sakudziwa kuti ndabwera, akanandiletsa. Amangoti nthawi sinakwane, nthawi sinakwane." Anandipatsa envelopu ija. "Awa ndi makhadi oyamba kutuluka m'makina. Ndinati munthu woyamba kuwagwira akhale inu."

Ndinatsegula. Mbalame zanga zinali mmenemo, zonyezimira, m'mbali mwake mosalala. Pansi pa lililonse panali dzina lake.

"Mwabwera kudzandiseka?"

Kumwetulira kuja kunazima. "Kukusekani? Ayi. Ndabwera chifukwa mtima sukundipatsa mtendere. Ine sindinafune kuti dzina langa likhale lokha. Ndinamuuza kuti tilembe tonse. Iye anati inuyo munakana, ndinu wamanyazi, simufuna kutchulidwa, munangojambula pomuthandiza. Anati malamulo onse anapeka yekha. Koma ndikamaona zithunzizi, ndimaona kuti munthu amene anazijambula si wongothandiza."

"Nanga nkhunda?"

"Nkhani ija? Anandilembera kuti ndiloweze. Anati ndi yopeka, yokometsera pulogalamu." Anandiyang'anitsitsa, ndipo dzanja lake linapita pakamwa. "Si yopeka?"

"Ndi bambo anga."

"Mayo ine." Maso ake anadzaza misozi, ndipo sinali misozi yoloweza. "Ndiye kuti ndi bambo akenso. Angapeke bwanji za bambo ake omubala n'kundiuza kuti... Pepani, mlamu. Pepani kwambiri."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Mwati chiyani?"

"Ndati pepani."

"Ayi. Mwanditchula chiyani?"

"Mlamu." Anaseka mwamanyazi, akupukuta m'maso. "Ndafulumira eti? Ndimayesa anakuuzani, poti amati inu ndi mchemwali wake wapamtima, simubisirana kanthu. Tsiku lina ndinamutsitsa pageti pompano, anati ndi kwawo, koma amayi sakupeza bwino, ndidzalowa tsiku lina."

Ndinalikumbukira tsikulo. Anabwera kudzatenga zojambula zomaliza, ndipo anandiuza kuti wakwera matola.

Dona anasuntha bokosi la keke kuti aligwire bwino, ndipo ndi pamene ndinaiona mphete. Inali yaing'ono, yatsopano, pa chala chake chenicheni.

"Anakuvekani liti?" Mawu anga anatuluka ngati a munthu wina.

"Lamlungu lapitali. Titangomaliza kujambula gawo lija."

Ndiye kuti m'mawa mwake, pondilembera kuti ndimudikire timvere limodzi, mphete inali itagona kale pa chala cha wina. Ndipo madzulo ake anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti palibenso wina.

Ndinkafuna kumuda mkaziyu. Sabata yonse ndinali nditakonza mawu omulasa nawo. Koma anaima pamaso panga ndi keke yake, atavala nsapato zafulati kuti alemekeze nyumba ya apongozi, ndipo ndinaona munthu amene wakwera basi yomwe ndinakwera ine, kungoti iye sanafike potsikira.

Ndisanapeze poyambira, chitseko chinatseguka. Anatuluka Amayi, Achimwene ali pambuyo pawo.

"Kodi tili ndi mlendo, ndiye ukumuimika padzuwa?"

Dona anandipatsira keke ija m'manja, anapita pakhonde, n'kugwada mwaulemu wonse.

"Amayi, muli bwanji? Ndamva kuti simukupeza bwino. Pepani pobwera ndekha. Ine ndine amene mwana wanu wamwamuna akufuna kumanga naye banja."

Amayi anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana Achimwene.

"Iwe?"

"Ine?" Achimwene anadziloza pachifuwa. "Amayi, munthuyu ndikumuona koyamba."

"Ayi, si awa," anatero Dona, akuyang'ana uku ndi uku. "Winayo. Wamng'ono. Wa podikasiti."

Ndinamva madzi akudontha kuchokera ku zovala zimene ndinayanika. Achimwene anazindikira kuti ndi mawu amene anawamva pa foni aja, ndinaona nsagwada zawo zikulimba. Amayi anayang'ana mphete, anayang'ana envelopu imene inali m'khwapa mwanga, kenako anandiyang'ana ine. Sindinathe kubisa kanthu. Amayi amawerenga nkhope yanga kuyambira ndili wakhanda.

"Mwana wanga wamwamuna ndi mmodzi," anatero motsitsa, "ndi uyu waima apayu. Wa podikasitiyo ndi amene ndakhala ndikumudikira kuti adzandipemphe uyo wanyamula keke yanuyo."

Dona anatembenuka ali chigwadire. Anandiyang'ana.

Achimwene anali atayamba kale kutsika masitepe, makiyi a njinga ali m'manja.

"Bwerera," anatero Amayi, osakweza mawu. "Palibe amene akupita kukamusaka. Abwera yekha."

Anawerama n'kumugwira Dona pamapewa, kumudzutsa, n'kumukhazika pampando wawo womwe. Kenako anakhala pambali pake, anakonza mpango wawo, n'kuloza kachikwama kake.

"Tulutsani foni, mwananga. Muimbireni. Musamuuze kuti muli kuno. Mungomuuza kuti mwakumana ndi amayi ake pamsewu, ndipo akumufuna tsopano lino kunyumba imene anakuuzani kuti ndi kwawo."

Dona anatulutsa foni. Anaiika poti tonse timve. Inaitana kamodzi, kawiri, kenako mawu aja anadzaza khonde lathu, okoma ngati kale.

"Wokondedwa wanga," anatero, "ndimangokuganiza."